Tinaperekezedwa Mpaka ku Sheffield

Limbani, mwana wanga woyamba, anasewera mpira m'timu ya koleji yake ku Sheffield zaka zitatu, ndipo ine bambo wake, munthu amene ndimatha kuima pamvula kuonerera ana osawadziwa akumenya mpira papaki, ndinali ndisanamuonerepo ngakhale kamodzi. Chaka choyamba ndinalonjeza, kenako kuntchito anandipatsa ovataimu, ndinaitenga. Chaka chachiwiri ndinalonjezanso, ovataimu inabweranso. Ndinali kondakitala wa basi ku Woolwich, mu London, ndipo ndinkayenda chodzitama kuti chiyambire ntchito sindinajombepo. Ndiye chaka chachitatu anaimba foni kunena kuti Lamlungu likubweralo, 11 koloko m'mawa, ndi mpira wake womaliza asanamalize maphunziro. Nditangoyamba kuti "Ndikulonjeza," anandidula. Iyeyu Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, monga ana onse okulira kuno. Anati ndisalonjeze, ndingobwera kapena ndisabwere, iye zonse anazizolowera. Mawu amenewo anandilasa.

Ine ndi mwana ameneyu tinkakanganirana zambiri, koma chachikulu chinali cha alendo. Mlendo akamatsazika, iye ankangoti "Bye" ali pampando, akachita ulemu kwambiri n'kukatseka chitseko. Ndikamuuza kuti mlendo amaperekezedwa, ankayankha kuti anthuwo pokwerera basi amapadziwa.

Galimoto ndinalibe. Amene anali nayo ndi a Mwale, mnzanga wa ku Chipata wa pafulati yoyandikana nafe, amene ankakankha odwala pachipatala china. Mpira analibe nawo ntchito, matenda awo anali mahatchi. Nditawafotokozera vuto langa anawomba m'manja.

"Ba Phiri, kulibe problem. Pa Saturday kuli mahatchi ku Doncaster, pafupi chabe na Sheffield. Tizayamba mahatchi, tigone, pa Sunday tione mwana. Kuli hatchi imodzi naikonka miyezi itatu, izathamanga two o'clock. Mufuna chani futi?"

Galimoto yawo inali yobiriwira, yachikale, ndipo ankaitchula kuti Mfumukazi. Zitseko zake zakumbuyo zinkatseguka ndi kunja kokha. Loweruka m'mawa, tikulongedza, mkazi wanga Nambewe anatuluka ndi kaphukusi ka usipa umene unabwera m'sutikesi ya munthu wina kuchokera kumudzi.

"Bambo a Limbani, uwu mukasiye kwa a Kachingwe ku Luton."

"Ku Luton sitiima."

"Mudutse pakhomo pa munthu wamkulu ngati mphepo? Akadzamva, ine nkhope ndidzaibisa kuti?"

"Chabwino, mphindi khumi zokha."

Nambewe anaseka, ndipo kusekako ndinakumvetsa madzulo ake.

Masiku amenewo msewu wozungulira London unali usanathe kumangidwa. A Mwale anakana kudzera njira ya pansi pa mtsinje chifukwa Mfumukazi inazimirapo m'menemo, anthu n'kuwaimbira mabelu mpaka manyazi. Tinapita kupantoni ya pa Woolwich, n'kupeza nkhungu yatseka mtsinje wonse. Tinakhala pamzere pakati pa malole, mawindo ali nthunzi yokhayokha, a Mwale akuwerenga nyuzipepala yawo ya mahatchi imene anailembalemba ndi bolopeni yofiira ngati mphunzitsi akuchonga mayeso. Pantoni inanyamuka patatha pafupifupi ola. Kutsidyako maloboti onse a kumpoto kwa London anapangana kutiimitsa, moti ku Luton tinafika 9 koloko itadutsa.

A Kachingwe anali mphunzitsi wamkulu ku Dedza asanathawe kwathu, zaka zomwe enafe tinathawa. Tsopano anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, mutu uli mbuu, koma pakamwa pali mphamvu za mnyamata. Tinapereka usipa, Mayi Kachingwe anateleka tiyi, ndipo mkuluyo anayamba kufunsa za abale anga mmodzimmodzi, amoyo ndi akufa omwe. Tiyi woyamba anatha, wachiwiri anabwera ndi buledi. Titati tinyamuke anati tipemphere, ndipo pempherolo linayambira ku Dedza, linadzera ku Lusaka, linazungulira Luton yonse, n'kudzathera pa matayala a Mfumukazi. Nditatsegula diso limodzi ndinapeza a Mwale nawonso atsegula limodzi, likuyang'ana wotchi.

Tinatuluka 11 koloko ili pafupi. Pageti ndinatembenuka n'kupereka mkono.

"Bambo, tathokoza. Bwererani, kunja kukuzizira."

"Ndibwerere pageti? Pageti timabwezerapo agalu, a Phiri. Ndikuperekezani pang'ono, mpaka paraundabauti apo."

Anali atavala juzi yotuwa, masilipasi a m'nyumba, kapu ya tiyi idakali m'manja. Ndinawatsegulira chitseko chakumbuyo n'kutseka ndekha. Galimoto itangoyenda anati, "Kodi a Mwale, nkhani ya njinga yanga ya ku Dedza ndinakuuzanipo?" Nkhani imeneyi aliyense wa ife kuno anaimvapo chiyambi chake, Limbani anaimva ali kamwana, koma mapeto ake palibe amene amawadziwa. Raundabauti inafika mkuluyo ali pakati pofotokoza mmwenye amene anawagulitsa njingayo. Ine sindikanatha kudula munthu wamkulu pakamwa. Ndinakhosomola. A Mwale anazungulira raundabauti kawiri kudikira kuti chiganizo chithe, koma chiganizo cha a Kachingwe sichitha, chimangobala china. Pozungulira kachitatu lole ina inatiimbira belu, a Mwale anadzidzimuka n'kukhota, ndipo tinapezeka tili pa M1.

Kwathu woperekeza amabwerera pamtsinje, kapena pamtengo wa mango umene aliyense amaudziwa. Pa M1 palibe mtengo wa mango. Sungaime, sungatsitse munthu, ndipo wovala masilipasi akayenda m'mbali mwake apolisi amamutola.

"Bambo, talowa msewu waukulu," ndinatero.

"Ndaona. Ndikatsikira kutsogoloko. Ndiye mmwenye uja anati belu ndi lapadera..."

Potulukira poyamba panadutsa belu likugulidwa. Pachiwiri panadutsa akumanga keriyala. Tinakaima pamalo opumira cha ku Northampton, ndipo ndinathamangira m'kanyumba ka foni kuti ndiwauze Mayi Kachingwe kuti amuna awo sanabedwe. Ndinkayembekezera mkuwo.

"Avala juzi?" anafunsa.

"Avala, mayi."

"Ndiye apite. Nkhani ya njinga imeneyo ndaimva zaka makumi anayi, makutu anga apumeko. Koma kapuyo ibwere yathunthu, ndi ya seti."

Nditabwerera ndinapeza mkuluyo wadzazitsa tiyi wina m'kapu yomweyo. Ndinawafunsa mwaulemu ngati tingawakweze sitima pa Northampton. Anayang'ana masilipasi awo, anandiyang'ana ine, n'kufunsa ngati ndinaonapo mphunzitsi wamkulu akukwera sitima chotero. Kenako nkhope yawo inawala. Anati ku Leicester kuli Mayi Nachisale, namwino uja amuna ake anamwalira, ndipo nsapato za malemuwo zikadalipo. Ndiponso, anawonjezera, tingadutse bwanji pa Leicester osamuona namfedwa?

"Ba Phiri," a Mwale ananong'ona, "two o'clock."

"Mphindi khumi zokha," ndinayankha, ndipo mawu anga omwe anandichititsa manyazi.

Mayi Nachisale anali mayi wojintcha, wa mawu omveka mawodi atatu. Atationa analira pang'ono, anaseka, n'kuteleka mpunga. Nkhuku inali itapsa kale, ngati kuti analota. Kukana chakudya pakhomo pa namfedwa ine sindingathe, ndipo kunena zoona nkhukuyo inali yokoma. Nsapato za malemu zinatuluka m'kabati zikunyezimira, koma malemuwo anali chimphona, moti phazi la a Kachingwe linkasambira m'kati. Mayi Nachisale anatola nyuzipepala imene inali patebulo, anaing'amba pakati, n'kuifinyira kutsogolo kwa nsapatozo. A Mwale anali kuchimbudzi. Atatuluka anafunafuna nyuzipepala yawo ya zolemba zofiira mpaka pansi pa mipando, ndipo palibe amene analimba mtima kuwauza kuti miyezi yawo itatu ili ku zala za a Kachingwe.

Tikutsazika, mayiwo anati, "Ndikuperekezeni mpaka pakona." Anavala chikhoti, anatenga chikwama, ambulera ndi fulasiki, anatseka gasi, anakhoma chitseko n'kukasiya kiyi kwa neba. Munthu wopita pakona satseka gasi. Ndinawayang'ana a Mwale, iwo anangotsegula chitseko chakumbuyo ngati munthu amene walandira kale chilango chake. Mfumukazi inatsika kumbuyo, mphuno inaloza kumwamba, ndipo pakona paja tinadutsa Mayi Nachisale akufunsa ngati ku Sheffield kumazizira kuposa ku Leicester.

2 koloko inatipeza tikadali pa M1. A Mwale anatsegula wailesi. Munthu wa m'wailesiyo ankayankhula mothamanga ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi, ndipo ine ndinangomva dzina limodzi likubwerezedwa mokweza mpaka kumapeto. Linali la hatchi ya a Mwale. Inapambana, iwo asanaikepo ngakhale kakobiri. Anatseka wailesi mofatsa kwambiri.

"Pepani a Mwale," ndinatero.

"Ba Phiri, osanikambitsa."

"Njuga ndi tchimo," anatero Mayi Nachisale kumbuyoko. "Mulungu wakupulumutsani."

Mpaka ku Doncaster woyankhula anali a Kachingwe okha. Njinga inali itafika poponchera tayala loyamba.

Pabwalo la mahatchi tinapeza patsala mipikisano iwiri. Tinalowa mbali yotsika mtengo, kumene kunali anthu a zipewa zansalu, fungo la anyezi wokazinga ndi matikiti otayidwa ali mbwee pansi. Ndiyenera kuvomereza kuti mahatchi akamabwera onse pamodzi, nthaka imanjenjemera ndipo mtima umakwera wokha. Koma anzanga aja anaona zina. Mayi Nachisale ataona okwera mahatchiwo, timatupi tating'ono m'malaya owala, anagwira pachifuwa.

"Ana amenewa makolo awo ali kuti? Sakudya anawa!"

Ndinawauza kuti ndi akuluakulu, ena ali ndi zidzukulu, koma sanakhulupirire. Pampikisano woyambawo hatchi ina inagwetsa wokwera wake poyambira pomwe, n'kuthamanga yokha mpaka kukafika patsogolo pa zonse. A Kachingwe anaomba m'manja kapu ili kukhwapa. Atamva kuti imene aiwerengera kuti yapambana ndi ina, anamugwira pamkono mzungu wina amene anaima pafupi n'kumufunsa m'Chingerezi cha ku Dedza, chija cha mawu aataliatali, kuti chilungamo chili pati ngati wophunzira amene wakhoza popanda chikwapu ndi amene akulepheretsedwa. Mzunguyo anaganiza kaye, n'kuvomereza kuti mfundoyo ndi yomveka, ndipo anawagulira tiyi.

Pampikisano womaliza a Mwale anabetchera hatchi ina mwaukali, osaiona n'komwe. Mayi Nachisale, aja a tchimo aja, ndi amene anakuwa kuposa tonse, akumenya mpanda ndi ambulera, kuiuza hatchiyo kuti iganizire ana a Mwale. Hatchiyo sinamve. Inafika anthu atayamba kale kutuluka.

Tinagona panyumba ina ya alendo pafupi ndi siteshoni. Mayi wa panyumbapo atafunsa za katundu wa a Kachingwe, iwo anamuonetsa kapu.

Lamlungu ndinadzutsa aliyense 7 koloko. Sheffield inali pafupi, ulendo wosakwana ola, ndipo ndinkafuna Limbani akandipeze nditaima kale pabwalo iye akutuluka. Koma mayi wa panyumbapo anati chakudya cham'mawa Lamlungu ndi 8 koloko, osati kale. Titadya, a Kachingwe ndi Mayi Nachisale anati tsiku la Ambuye silingayambe ndi mpira. Tinachita mapemphero m'chipinda chochezera, nyimbo ndime zonse zisanu ndi imodzi, ulaliki waufupi umene sunali waufupi. Titatuluka, Mfumukazi inakana kulira. Tinaikankha ine ndi Mayi Nachisale, a Kachingwe akutilangiza ali m'kati chifukwa chitseko chawo sichinkatseguka, mpaka inatsokomola n'kudzuka kumapeto kwa msewu.

Titadutsa Conisbrough, pachitunda china, tinamva phokoso pansi, kenako chitsulo chikukwekwereza pamsewu. A Mwale anaimika pambali n'kusuzumira. Ekizozi inali itathothoka, ikulendewera mbali imodzi. Wotchi inati 10:25. Magalaja onse anali otseka, msewu uli zii, kamvula kakuwaza. Ndinaona m'maganizo mwanga mwana wanga akuyang'ana kugeti, kenako n'kusiya kuyang'ana. Pamenepo a Kachingwe, amene ndinali nditawatsegulira kuti awongole miyendo, anati, "Zimenezi zikundikumbutsa tsiku lina njinga ija..."

Ndinaphulika. Ine amene sindinakwezepo mawu kwa munthu wamkulu chibadwire.

"Bambo, njinga yanuyo yatikwana! Ulendo uno unali wa anthu awiri. Tikanafika dzulo masana, ndikanamuona mwana wanga dzulo lomwelo. Kuperekeza kwanji kosabwerera? Mwana uja akandisowa lero sadzandiitananso, ndipo chifukwa chake ndi inu ndi raundabauti yanu!"

Mayi Nachisale anayang'ana kumbali. A Kachingwe anaika kapu padenga la galimoto mosamala, n'kuyankhula motsitsa, mawu amene ndinali ndisanawamvepo kwa iwo.

"A Phiri, tsiku limene ndinachoka ku Dedza palibe amene anandiperekeza. Ana asukulu anga, aphunzitsi anga, ngakhale mng'ono wanga, onse anatseka zitseko chifukwa cha mantha. Ndinayenda ndekha mpaka kumalire. Ndiye munthu akamachoka pakhomo panga, miyendo imangonyamuka yokha. Pobwerera ndi pamene sindipadziwa bwino. Pepani."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinafuna kupepesa koma iwo anali atatembenukira kale kwa Mayi Nachisale, kuwapempha ambulera. Anaithyola nthiti zake zawaya imodziimodzi, mayiwo akudandaula kuti inali ya pa ukwati wa mwana wawo, n'kuzipota pamodzi ndi zala zawo zokalambazo. Anawauza a Mwale kuti agone pansi pa galimoto, iwo anagwada pambali m'matope, akulozera pomanga.

"Keriyala ya njinga ija ndinkaimanga chomwechi. Mukanandilola kumaliza nkhani, bwenzi mukudziwa."

Ekizozi inagwira, ngakhale inatsala ndi bowo, moti Mfumukazi inayamba kulira ngati ndege. Tinadutsa Rotherham anthu ochokera kutchalitchi akutseka makutu. Ku Sheffield tinalunjika kukoleji, n'kupeza zitseko zokhoma. Mlonda anatiuza kuti mabwalo a mpira ali kunja kwa tauni, pamwamba pa phiri. Ku Sheffield chilichonse chili pamwamba pa phiri. Tinakwera ndi giya yoyamba, ine ndikukankha dashibodi ndi manja ngati zingathandize, ndipo tinafika 12 koloko ili pafupi, chigawo chachiwiri chitangoyamba.

Bwalolo linali matope okhaokha, mphepo ikuwomba ngati ili ndi mlandu ndi munthu. Oonerera anali atsikana awiri obisala m'chikhoti chimodzi ndi bambo wina wa galu. Phokoso la Mfumukazi linaimitsa mpira, osewera onse anatembenuka, ndipo pakati pawo ndinamuona Limbani, nambala 3 kumsana, matope mpaka m'makutu. Anatiyang'ana tikutsika, ine, a Mwale akuda ndi mwaye, mayi wonyamula chigoba cha ambulera, ndi nkhalamba ya nsapato zazikulu ndi kapu. Sanakweze mkono. Anangotembenuka n'kupitiriza kusewera.

Koma mwanayo ankasewera, abale. Ankalanda mpira mwaukhondo, osagwetsa munthu, n'kuupereka pansi kwa mnzake ngati akupereka mbale kwa mlendo. Zaka zitatu zonsezo ndinkagulitsa matikiti pa basi zinthu zoterezi zikuchitika. Ndinalira pang'ono, ndipo ndinanamizira mphepo.

Mayi Nachisale malamulo a mpira sankawadziwa. Iwo ankangoti Limbani akakhudza mpira, nthungululu. Akaponya mpira wotuluka kunja, nthungululu. Galu uja anayamba kuwayankha. A Mwale, amene ankati mpira ndi masewera a anthu osowa mahatchi, ankathamanga m'mbali mwa mzere akukuwira Limbani kuti, "Mwaiche, mutyole uyo!" Kenako wosewera wina wa timu inayo anatsala yekha ndi goloboyi, ndipo Limbani anachokera kumene sindikudziwa, anatsetsereka m'matope n'kuuchotsa mpira pamzere penipeni. Tisanazindikire, a Kachingwe anali atalowa m'bwalo, nsapato zikuchita phwa phwa, kukamufupa mwanayo monga timachitira ndi wovina bwino. Ndalama analibe, anachoka kwawo ndi masilipasi. Anatulutsa switi m'thumba la juzi n'kumuika m'dzanja. Woimbira mpira analiza wezulo mpaka kutsamwa, ndipo nsapato imodzi inatsalira m'matope, nyuzipepala yofiira ili panja. A Mwale anaiona, anaizindikira, n'kungogwira m'chiuno.

Timu ya Limbani inagonja ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Atasamba, Limbani anatuluka ndi chikwama chake, anapereka moni kwa akuluakulu ndi manja awiri, kenako anafika kwa ine. Anati, m'Chingerezi chake chija, chigawo choyamba ndiye anasewera bwino kwambiri, ndipo ndinachiphonya. Ndinati ndikudziwa. Ndinayamba kufotokoza za pantoni, za Luton, za ekizozi, koma ndinaona kuti zikumveka ngati ovataimu ina, ndiye ndinangosiya. Tinakadya tchipisi ndi nsomba pakashopu kena, a Kachingwe akufotokoza mmene woimbira mpira uja analakwira, Limbani akungodya. Sindinadziwe ngati wandikhululukira kapena akungodikira kuti tizipita.

Tinamufikitsa pageti la nyumba imene ankagona. Ndinatsika n'kumugwira dzanja, ndikudikira "Bye, Dad" ndi kumenyetsa kwa chitseko. Iye anaima pamenepo, chikwama chili paphewa, akuyang'ana pansi. Kenako anayankhula m'Chichewa, chopindikapindika ngati cha mzungu wa mishoni, koma Chichewa ndithu.

"Ndikuperekezeni pang'ono, adadi. Mpaka paraundabauti."

Ndinamutsegulira chitseko chakumbuyo, analowa pakati pa a Kachingwe ndi Mayi Nachisale, maondo ali kukhosi, ndipo ndinatseka. Tinatsika phiri Mfumukazi ikubangula. Raundabauti itayamba kuoneka, a Mwale anachepetsa liwiro n'kuyang'ana pagalasi, phazi lili pabuleki. Ndiye ndinamva mawu a mwana wanga kumbuyoko.

"Agogo, njinga ija inatha bwanji?"

A Kachingwe anakonza kukhosi. A Mwale anapukusa mutu, anati, "Iyi family!" n'kuponda mafuta.

Mayi Nachisale tinawatsitsa ku Leicester, ndipo tinachita kuwaletsa ndi manja kuti asatiperekezenso. A Kachingwe tinawapereka ku Luton pamodzi ndi kapu yathunthu, njinga itangofika kumene pa Linthipe. Limbani anatsikira ku Woolwich, ndipo Nambewe atatsegula chitseko n'kumuona, anandiyang'ana ine ngati ndaba mwana wa eni.

Lolemba m'mawa anayenera kubwerera, ndipo ine shifiti yanga inkayamba 10 koloko. Ndinavala yunifomu n'kumuuza Nambewe kuti ndikungomuperekeza mwanayu mpaka pasiteshoni ya sitima ya St Pancras, pageti pokha. Kuntchito ndinaimba foni ndili ku Sheffield.